Mwana Ayamwe, Geni Iyende

Amayi a mumsika, lero ndili nanu. Ndikuona ena mukumasiya khanda la miyezi iwiri kunyumba ndi mtsikana, ati mkaka ndi wochepa, lizidya phala. Ayi ndithu! Mkaka umachuluka mwana akamayamwa pafupipafupi. Mukamusiya tsiku lonse, bere limayamba kuuma.

Kuyambira 2001, bungwe la WHO limati miyezi 6 yoyamba mwana azingoyamwa basi, ngakhale madzi ayi. Timaphala tamadzimadzi ndi madzi osawiritsa ndizo zimatsekula ana m'mimba, ndipo tsiku lomwe mwakhala pamzere kuchipatala, tomato amaola pabenchi.

M'berekeni mwanayo, aziyamwa mukugulitsa. Nanga inu abambo a benchi yoyandikana, mukuyang'anitsitsa chiyani? Athandizeni mayiwo kubweza chenji.