Musanagule ng'ombe za ngolo ya odwala, zioneni zili pagoli

Kukolola kukatha, ndalama zikayamba kuoneka m'mabanki m'khonde ndi m'miphakati, pamakhala magulu ena kuno ku Balaka ndi ku Machinga amene amaganiza zogula ng'ombe ziwiri ndi ngolo, kuti wodwala kapena mayi woyembekezera asamavutike mayendedwe. Ine ngati mzamba maganizo amenewa ndimagwirizana nawo. Koma ndikufuna ndiyankhule nanu inu amene mwasankhidwa kuti mukagule, chifukwa ndalama zimene mudzanyamule tsiku la msika ndi za anthu amene anazipeza movutikira, ndipo zikangolowa m'madzi gulu limenelo silidzasonkhanso kachiwiri.

Tiyambe ndi funso limene ambiri amalilumpha: kodi ngoloyo idzagwira ntchito yanji kwenikweni? Ng'ombe zokoka ngolo zimayenda makilomita atatu kapena anayi pa ola, pamenepo kuli kouma. Ngati mudzi wanu uli pa mtunda wa makilomita 10 kuchokera ku chipatala cha Nsanama, Utale kapena Phalula, ulendo wake ndi wa maola pafupifupi atatu. Apo sitinawerengere nthawi yokadzutsa woyendetsa, kutulutsa ng'ombe m'khola ndi kuzimanga pagoli mumdima. Pamene mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira angathe kutisiya pasanathe maola awiri. Izi timawauza ophunzira athu mobwerezabwereza mpaka amatopa nafe. Ndiye aliyense amene akukuuzani kuti mukagula ngolo mwagula ambulansi akukunamizani.

Ntchito imene ngolo imaitha bwino ndi ina, ndipo si yochepa. Mwezi wachisanu ndi chinayi ukayamba timamuuza mayi kuti abwere kuchidikiro. Inu mukudziwa zimene amanyamula: ufa, nkhuni, ndowa, beseni, mapoto, mphasa, zitenje, kuphatikizapo womudikirira, nthawi zina ndi kamwana kena kamene alibe wokasiyira. Kabaza mmodzi sangathe zonsezi, ndipo awiri kapena atatu ndi ndalama zimene banja lilibe. Amayi ambiri amene timawadzudzula kuti anachedwa dala kunyumba sikuti ndi osamva ayi, chimawagwira ndi katunduyu. Ngolo imanyamula zonse ulendo umodzi, masana, mayi ali bwinobwino. Imathandizanso pobwerera. Mayi amene wachitidwa opaleshoni ku chipatala chachikulu ku Liwonde kapena pa Boma la Balaka, minibasi imamutsitsa pamsewu, ndipo makilomita otsalawo amayenda pa kaliyala wa njinga, bala likadali laliwisi. Nthawi ya dzinja, monga tinaonera namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, pamakhala malo amene galimoto imatitimira koma ng'ombe zimadutsa, ndipo ngolo ingathe kumufikitsa wodwala pamene ambulansi yaima.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anaonetsa kuti mu 2004 amayi 984 mwa amayi 100,000 alionse obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 anali 675, ndipo mu 2015-16 anatsika kufika pa 439, nthawi imene amayi 91 mwa 100 alionse ankachilira kuchipatala. Kufika msanga kuchipatala kuli ndi gawo lalikulu pa kutsika kumeneku, ndipo ngolo ya mudzi ikhoza kuthandiza pamenepo.

Mukamvetsa zimenezi, mudziwanso mtundu wa ng'ombe zimene mukufuna. Simukufuna zothamanga kapena zokongola. Mukufuna ziwiri zofatsa, zozolowerana, zimene sizidzadzidzimuka njinga yamoto ikadutsa pafupi kapena galu akauwa, mayi wa pakati ali m'ngolo.

Kwa anzathu a chipembedzo cha Amish ku America, amene mpaka lero amalima ndi kuyenda ulendo ndi akavalo, misika ya okishoni monga ya ku New Holland ku Pennsylvania ndi Mount Hope ku Ohio ndi nkhani yaikulu, ndipo wogula wanzeru amafuna kuona akavalo atamangidwa pangolo asanatchule mtengo. Kwathu kuno akavalo sitiweta, koma nzeru yakeyo ndi yomweyo. Vuto ndi lakuti pa msika wathu wa ng'ombe goli simungalione. Ng'ombe zimangoima pachingwe, zina zitatopa ndi ulendo wa usiku wonse, ndipo ng'ombe yotopa imaoneka yofatsa ngakhale ili yolusa.

Komanso dziwani amene mukupikisana nawo. Ambiri pa msika ndi a mabutchala ndi mavenda. Iwo akuyang'ana nyama, ndipo maso awo amayeza makilogalamu mofulumira kuposa sikelo. Ng'ombe yokalamba koma yonenepa kwa iwo ndi phindu, pamene kwa inu ndi kutaya ndalama. Mtengo ukayamba kukwezedwa, uyu watchula, uyo wawonjezera, anthu atazungulira n'kumaonerera, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake amaiwala kuti anatumidwa. Amangofuna asaoneke wochepa pamaso pa anzake. Ndi chifukwa chake ndikunena kuti malire a mtengo muwagwirizane kumudzi, alembedwe m'buku la gulu, ndipo ndalama za goli, zingwe, mankhwala, khola ndi mayendedwe obwerera zisiyidwe kwa msungichuma. Zisapite nawo ku msika n'komwe. Ulendo woyamba pitani opanda ndalama, mukangoona ndi kumva mitengo, pakuti chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo umene munamva chaka chatha ndi nthano chabe.

Kunena zoona, ine ndingakonde kuti msika ukhale malo opezerako mwini ng'ombe, koma kugula kwenikweniko kukachitikire kukhola kwake. Kumeneko mudzamupempha kuti azimange pagoli inu mukuona. Muone ngati zikubwera zokha kapena mpaka anthu anayi azithamangitse. Mukweze matumba m'ngolo, muyende nazo pamchenga, pachitunda, ndi pamsewu podutsa magalimoto. Kenaka woyendetsa wanu atenge chingwe, mwini wake akhale patali, chifukwa pali ng'ombe zimene zimamvera munthu mmodzi yekha. Funsani mayina ake, funsani malikhweru ndi mawu amene zinaphunzitsidwa poima ndi pokhota. Ng'ombe imene inakulira kwa Asena ku Chikwawa kapena kwa Atumbuka ku Mzimba siidzamva msanga mukayamba kuilamula m'Chiyao. Funsaninso kuti iti imakhala kumanja, iti kumanzere, popeza mukazisinthanitsa mudzaganiza kuti mwagula zosaphunzira. Wogulitsa amene akukana kuti muzione pagoli wakuuzani kale zonse.

Ziwirizo zikhale zofanana msinkhu ndi mphamvu. Ina ikatalika, goli limapendekeka, yaifupiyo imasenza katundu wambiri, khosi limatupa n'kuchita zilonda. Kugula imodzi kwa uyu, ina kwa uyo, chifukwa chakuti mwatero zatchipa, ndiye kuti mwadzipatsa ntchito ya miyezi yoziphunzitsa kuyendera limodzi, ndipo zina sizigwirizana mpaka kalekale.

Tsopano kuyeza thupi. Apa ndiyankhula ngati namwino, chifukwa zambiri n'zofanana ndi zimene timachita pa sikelo ya amayi, koma mlangizi wa ziweto wa dera lanu apite nanu ndithu, ngakhale zitatengera kumulipirira mayendedwe. Yambani ndi mano. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo m'mwamba, ili nawo asanu ndi atatu m'munsi. Aubwana amakhala ang'onoang'ono, ndipo akuluakulu amatuluka awiriawiri: oyamba ikamakwanitsa zaka ziwiri, onse n'kukwanira pakati pa zaka zinayi ndi zisanu. Ya mano akuluakulu anayi kapena asanu ndi limodzi ndiyo ili ndi zaka zambiri za ntchito kutsogolo kwake. Mukapeza mano afupika, aperepeseka, pakati pali mipata, imeneyo ndi nkhalamba, ngakhale mwini wake alumbire motani. Tsitsani chikope muone m'kati mwa diso, monga timachitira ndi mayi woyembekezera. Mukakhala moyera, magazi ndi ochepa, ndipo kawirikawiri ndi njoka za m'mimba, nkhupakupa kapena matenda a kashembe. Gwirani pansi pa chibwano. Pakakhala potupa ngati muli madzi, kayikirani njoka za m'chiwindi, zimene zimavuta ng'ombe zodya m'madambo ngati a m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Papasani pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa ngati pali zotupa. Mphuno ikhale yonyowa, mpweya uziyenda bwino, ndowe zisakhale zamadzi. Iyendetseni pouma muone ziboda ndi mayendedwe. Pakhosi pakakhala chikopa cholimba chopanda ubweya wambiri, ndi umboni woti inagwirapo goli, koma pakakhala chilonda chosapola isiyeni. Ubweya wonyezimira usakutengeni mtima, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ng'ombe zathu zalinunda zimapirira dzuwa la ku Balaka ndi nkhupakupa kuposa zamakono, ngakhale zimaoneka zazing'ono. Zikhale zofula. Nkhunzi ikamva fungo la yaikazi imaiwala kuti ili pagoli.

Kumene ng'ombe zikuchokera n'kofunikanso. Kuno ngolo si zambiri ngati ku Mchinji, Kasungu kapena Mzimba, choncho ena amaganiza zokagula kutali. Ku Chikwawa ndi Nsanje ng'ombe ziliko zochuluka, koma ndi kumenenso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabukabuka, ndipo akabuka boma limatseka misika ndi kuletsa kusamutsa ziweto. Funsani ku ofesi ya zaulimi musananyamuke. Ng'ombe yochucha dovu ndi kutsimphina musaiyandikire. Inu a midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Liwonde, funsani mlangizi za kashembe ndi mtengo wa mankhwala ake musanagule, chifukwa ng'ombe yochokera kopanda kashembe ikhoza kuyamba kuwonda miyezi yochepa itafika. Zikafika, zikhale pazokha masabata awiri kapena atatu zisanasakanikirane ndi za m'mudzi.

Makalata musawapeputse: ya mfumu ya kumene ng'ombe zachokera yotsimikiza mwini wake, chilolezo cha a zaziweto chosamutsira, ndi pepala la malonda lokhala ndi mboni, lofotokoza mtundu ndi zizindikiro za ng'ombe iliyonse. Ng'ombe yotchipa modabwitsa, yogulitsidwa mothamanga kunja kwa mpanda wa msika, mapeto ake ndi kupolisi, ng'ombe n'kulandidwa, ndalama osabwerera.

Pali nkhani ina imene ndimaiona kuti ndiyo imapha ntchito zotere kuposa matenda. Walira mvula walira matope. Ng'ombe zimadya tsiku lililonse, kaya kuli wodwala kaya kulibe. Mu Okutobala ndi Novembala, udzu utapsa, zidzadya chiyani? Mapesi a chimanga, masamba a mtedza ndi a nandolo, udzu wa mpunga kwa inu a kumadambo, zonsezi zimafuna kusungidwa nthawi yokolola, pamodzi ndi madeya ndi mchere. Adzaziweta ndani? Ngati yankho ndi lakuti kamnyamata ka uje, ndiye kuti mwagula ngolo ndi sukulu ya mwana, ndipo ine pamenepo sindivomera. Khola lidzakhala kwa yani, ndipo akuba akabwera mlandu ndi wa yani? Ngoloyo iyenera kudzipezera ndalama posenza thonje, nandolo, njerwa ndi manyowa, zimenezo n'zabwino. Koma lembani kuti tsiku limene mayi akupita kuchidikiro, ganyu aliyense aima, ngakhale wa amfumu. Lembaninso kuti ngolo ndi ya mudzi wonse. Kuno timakhala Akhristu ndi Asilamu khomo ndi khomo, ndipo mayi asadzafunsidwe kumene amapemphera kapena ngati anasonkha nawo.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa anthu okagula ndi pa komiti yoyang'anira pakhale amayi, makamaka amene anaberekapo. Abambo amakonda kunena kuti za ng'ombe ndi zawo. Chabwino, mano ayang'ane ndi iwo. Koma ndi mayi amene adzafunse ngati ngoloyo ili ndi matayala a mpweya oti isagwedeze kwambiri, ngati muli malo oyala matiresi, ngati pali potsika ndi pokwerera posavuta, ndiponso ngati pali lona wotchinga. Lonayo si wa mvula yokha. Mayi wa kwathu kuno safuna kuti mudzi wonse uone kuti wanyamuka, ndipo ngolo yapululu ena adzaikana n'kusankha kuyenda pansi usiku. Kumbuyo kwa ngolo ikaniko zonyezimira, ndipo woyendetsa akhale ndi tochi, popeza pa msewu wa Liwonde kupita ku Balaka kapena ku Ntaja madalaivala saiona ngolo mpaka atayandikira.

Pa zadzidzidzi, monga kutaya magazi, kukomoka, kapena mwana kutsogoza dzanja, imbani foni kaye. Nambala ya chipatala chanu ndi ya mlangizi wa zaumoyo zilembedwe pa thabwa la ngolo lenilenilo. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira konkuno ku Balaka mu 2011, chiliponso kuti chikulangizeni. Ngati pali galimoto kapena njinga yamoto imene wodwala angakwere bwinobwino, musadikire ng'ombe. Ngolo inyamuke pokhapokha palibe china chofulumira, ndipo izipita kukakumana ndi ambulansi.

Ng'ombe zikazolowera khola latsopano, chitani ulendo woyeserera. Dzutsani woyendetsa usiku osamuchenjeza, munthu mmodzi agwire wotchi, mukweze anthu atatu ndi katundu, muyende mpaka pa geti la chipatala. Mudzabwerezenso mu Januwale, matope ali pakati. Maola amene mudzapeze mukawauze anamwino a pa sikelo, kuti polemba tsiku loti mayi wa m'mudzi mwanu abwere kuchidikiro aziwerengera ulendo umenewo.