Ana a kumigodi aphunzire kulankhulitsa mkuwa

Masabata angapo apitawo tinali pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Kitwe. Aphunzitsi a sayansi anapempha kuti tiwathandize kuyamba kalabu ya wailesi yolankhulirana, imene pa Cingelezi amati amateur radio. Sanamalize n'komwe. Bambo ena anati ana ali kale ndi mafoni, mai ena anati zimenezo n'za akazitape, ndipo apampando analumphira pa nkhani ya zimbudzi. Ife tinakhala cete, ndipo tinalakwa. Tilembe pano zimene tinayenera kunena tsiku lija.

Wailesi imeneyi si ngati Radio Icengelo imene timamvera Misa ndi nyimbo. Ndi makina amene munthu mmodzi amalankhula nao ndi mnzace wakutali, popanda kugula mayunitsi komanso popanda mlongoti wa kampani ya mafoni pakati pao. Mau amacoka pa waya, nakwera kumwamba kumene kuli mpweya umene umawabweza pansi, ndipo amakagwera ku Cipata, ku Nairobi, mwinanso ku Brazil. Aliyense wololedwa amapatsidwa nambala yoitanira. Za m'Zambia zimayamba ndi 9J, za ku Malawi 7Q. Cilolezo cimacokera ku ZICTA, ndipo kazitape sapita ku boma kukalembetsa dzina lace.

Ife Akatolika a ku Ndola ndi Kitwe sitiyenera kuiona ngati nkhani yacilendo. Maximilian Kolbe Woyera, amene anapereka moyo wace m'malo mwa mkaidi mnzace ku Auschwitz pa 14 August 1941, anatsegula nyumba ya wailesi ku Niepokalanów m'dziko la Poland mu 1938. Nambala yace inali SP3RN, ndipo okonda wailesi ambiri amamutenga ngati nkhoswe yao. Iye anali wa cipani ca Afransisko a Conventual, cipani comweci ca Ambuye Francis Mazzieri, episkopi woyamba wa Ndola. Ngati wansembe uja sanaone cinyengo m'mawaya, ife tikuopa ciani?

Koma cimene cimatiwawa kwenikweni ndi mkuwa. Agogo athu anacoka Kum'mawa kudzaukumba ku Nkana ndi ku Mufulira. Mkuwawo umakwera malole, umapita kunja, ndipo umabwerera uli m'kati mwa foni imene mwana wathu sadziwa ngakhale kuitsegula. Mnyamata wa ku Wusakile amadziwa mtengo wa mkuwa pa sikelo. Tinalira maliro mu June 2018 pamene Black Mountain inagumukira anyamata ofunafuna miyala. Ena amadula mawaya a magetsi usiku. Palibe amene anawaonetsapo kuti waya wa mkuwa wa mamita 20, woduka pakati ndi kumangidwa pa mitengo iwiri, ungatumize mau pa 7 MHz mpaka kutsidya kwa malire. Mwana amene wapima yekha wayawo, naudula, namva munthu wa dziko lina akumuyankha, sadzaiwala cifukwa cace masamu a fizikisi ali m'buku. Ndiye amene mawa adzagogoda pa khomo la NORTEC ku Ndola kapena Copperbelt University ali ndi cidwi ceniceni.

Kuyamba sikufuna cuma cambiri. Masukulu athu ali kale ndi makalabu a JETS, ndipo wailesi ingalowe mommo. Temu yoyamba ana angomvetsera, pakuti kumvetsera n'kumene kumaphunzitsa mwambo wa pa mphepo: kudikira mnzako amalize, kuchula nambala yako, kulemba m'kabuku nthawi ndi dziko limene wamva. Kenaka aphunzire zizindikiro za Morse ndi batire ndi kabelu kakang'ono, aphunzirenso kulumikiza mawaya ndi mtovu. Kulankhula kumadza pambuyo, pali munthu wacilolezo. Otsogolera tiwafunse ku bungwe la Radio Society of Zambia. Ndipo m'miphakati mwathu muli madoda amene anagwira nchito ya magetsi mu ZCCM mpaka migodi itagulitsidwa mu 2000. Ambiri angokhala pa khonde, luso lao likucita dzimbiri. Loweruka masana angakane kuphunzitsa adzukulu?

Tisabise zobvuta. Makina otumizira mau kutali ndi odula, ndipo sukulu imodzi singawagule yokha, koma maparishi awiri kapena atatu angasonkhe monga timasonkhera malata a chalichi. Waya uyenera kutalikirana ndi nthambo za ZESCO, ndipo nyengo ya dzinja uyenera kucotsedwa ku makina cifukwa ca mphezi. Alimi anzathu adziwenso kuti malamulo salola kucita malonda pa wailesi imeneyi, kotero si yotsatsira cimanga kapena tomato. Ngakhale ife makatekisiti sitidzalalikirapo.

Nanga a mafoni aja tiwayankhe bwanji? Akumbukire 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima tsiku lathunthu. M'madera ena netiweki inali kupita pamodzi ndi magetsi. Wailesi yolankhulirana imayenda ndi batire ya galimoto ndi sola imodzi, yonga imene ambiri tili nayo ku minda.

Caka ciliconse, kumapeto kwa sabata lacitatu la October, Maskauti a dziko lonse lapansi amalankhulana pa wailesi pa mwambo wa Jamboree on the Air, umene unayamba mu 1958. Tikupempha Abambo Mfumu ndi makhonsolo a maparishi kuti pofika tsiku limenelo apeze cipinda cimodzi, tebulo ndi mitengo iwiri yomangapo waya. Ife tabwerera kale kwa aphunzitsi aja kukapepesa, ndipo tawalonjeza mamita 20 a waya kucokera m'thumba mwathu.