Mlendo ndi mame: nanga mwanayo atsala ndi yani?

Abale ndi alongo amene mumamvera wailesi yathu ku Mandimba, Ngauma, Cuamba ndi kutsidya kwa malire ku Chiponde, lero ndikufuna tikambirane nkhani imene ena anene kuti ndi kusayamika. Ndi nkhani ya alendo ochokera kunja amene amabwera kudzagwira ntchito mongodzipereka pakati pa ana amasiye ndi ana olumala. Inenso pa wailesi pano ndine wongodzipereka, sindilandira malipiro, choncho sindinganyoze munthu wofuna kuthandiza. Funso langa ndi lakuti: alendowo akakwera galimoto kubwerera kwao, mwana amatsala ali bwanji?

Chaka china ndinapemphedwa kukamasulira gulu la achinyamata a ku Ulaya amene anadzakhala masabata atatu pa malo ena osungirako ana. Anali anthu abwino ndithu. Anabweretsa mipira, mabuku ndi masiwiti. Mtsikana mmodzi anakondana kwambiri ndi kamnyamata ka zaka zinayi. Ankakabereka tsiku lonse, kukadyetsa, kukagoneka. Tsiku lonyamuka, mwanayo anagwira siketi yake osafuna kusiya, mpaka amayi osamalira ana anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. Nditapitakonso patatha sabata, ndinamupeza sakudya bwino, ndipo munthu aliyense wachilendo akalowa pachipata, iye ankamuthamangira n'kumukumbatira. Amayi aja anandiuza kuti aka sikoyamba.

Ife tikaona zotere timati mwanayu ndi wansangala. Koma odziwa za kakulidwe ka ana amati mwana wokakamira mlendo aliyense nthawi zambiri amakhala akusowa munthu mmodzi wokhazikika woti azimudalira. Taganizani: mwana anataya kale mayi wake. Ife tikumupatsa mayi wina kwa masabata atatu, kenaka n'kumulandanso. Chaka chamawa chimodzimodzi. Kafukufuku amene anayamba m'chaka cha 2000 ku Bucharest, m'dziko la Romania, anaonetsa kuti ana okulira m'nyumba zosungira ana amatsalira pa msinkhu ndi pa nzeru poyerekeza ndi anzawo amene anatengedwa kukalowa m'mabanja, makamaka amene anatengedwa asanakwane zaka ziwiri.

Chinanso chimene sitikonda kunena ndi ichi: ana ambiri okhala m'malo otere si amasiye enieni. Mabungwe oona za ana amayerekeza kuti pa ana 10 alionse, pafupifupi 8 ali ndi kholo limodzi lamoyo. Ambiri mukukumbukira za David Banda, mwana amene woyimba Madonna anamutenga m'chaka cha 2006 ku Mchinji, ku Malawi. Bambo ake anali moyo. Anamusiya kumeneko chifukwa mayi anamwalira ndipo iwo analibe pogwira. Chimene chimatulutsa mwana pakhomo kawirikawiri ndi umphawi. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la United Nations a chaka cha 2009 amati umphawi paokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake, ndiponso kuti ana osakwana zaka zitatu aleredwe m'banja. Dziko la Australia linafika pozindikira m'chaka cha 2018 kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba za ana amasiye pofuna kukopa alendo ndi ndalama zao ndi mtundu wina wa ukapolo.

Kodi ndiye kuti alendo onse tiwabweze? Ayi. Akuluakulu anatinso mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndinaona ndi maso anga mayi wina wachilendo, wophunzira ntchito yolimbitsa ziwalo, amene sanathamangire kunyamula ana. Anakhala pamphasa ndi agogo ena amene akulera mdzukulu wofooka khosi ndi miyendo kuyambira pamene anadwala malungo a mu ubongo. Agogowo ankamudyetsa phala atamugoneka chagada, mwana n'kumatsamwa ndi kudwala chifuwa pafupipafupi. Mlendoyo anawaonetsa kuti mwana wotere azidya atakhala tsonga, mutu usagwere kumbuyo, phala likhale lolimbirako, supuni yaing'ono, mosafulumira. Anawaphunzitsa kumutembenuza kawirikawiri kuti asachite zilonda za pogona. Ndi mmisiri wa matabwa wa m'mudzi momwemo anakhoma kampando kotsamira mbali zonse. Mlendoyo anapita kalekale, koma kampandoko kalipo, ndipo agogo aja aphunzitsa amayi ena awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mayiyu anali ndi luso limene ife tinalibe, ndipo analisiya m'manja mwa munthu wotsala.

Koma wachinyamata amene sanaphunzire ntchitoyi, ngakhale akhale ndi mtima wabwino chotani, asamawongole miyendo ya mwana wolumala mongoyesa. Kwao komweko sangamulole kutero. Nanga kuno tikumulola bwanji? Chifukwa ndi mzungu?

Kumbukirani mwezi wa Marichi 2020, matenda a Covid-19 atabuka. Bungwe la Peace Corps la ku America linaitana anthu ake onse padziko lonse kuti abwerere kwao, ndipo enanso ambiri ananyamuka. Sindikuwada, anali ndi makwao. Koma amene anatsala ndi ana anali agogo, azakhali, amalume eni mbumba, ma activista ndi ma APE a m'midzi yathu, ena oyenda wapansi.

Tsono mafumu, mashehe, abusa ndi makomiti a zaumoyo, alendo akabwera musachite manyazi kufunsa. Kodi a Acção Social ku boma akudziwa za ulendowu? Kodi ali ndi kalata yosonyeza kuti alibe mlandu wozunza ana kwao? Anaphunzira chiyani, ndipo aphunzitsa ndani? Mlendo asatsale yekha ndi mwana m'chipinda. Za zithunzinso: mwana wolumala kapena amene ali ndi kachilombo ka HIV asajambulidwe n'kuikidwa pa Facebook popanda chilolezo cha omulera. Ana athu ali ndi lamulo lowateteza, Lei 7/2008, ndipo Mozambique inavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala m'chaka cha 2012. Ngati mlendo akufunadi kuthandiza, muuzeni kuti ndalama ya tikiti imodzi ya ndege ingathe kufolera nyumba ya agogo ndi kusunga adzukulu pasukulu.

Ifenso tili ndi mlandu wathu. Alipo makomo amene mwana wolumala amatsekeredwa m'nyumba chaka chonse poopa kuti anthu anena za ufiti, koma tsiku lobwera alendo amamusambitsa n'kumukhazika poyera. Mwana wobadwa ndi phazi lopindika amawongoka ndi pulasitala akapita naye kuchipatala akadali wakhanda. Khunyu ili ndi mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo siyopatsirana. Zimenezi sizidikira ndege yochokera ku Ulaya. Ngati pakhomo panu pali mwana wotere, mulembetseni kuti akhale ndi cédula, pitani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mukafunse ku Acção Social za thandizo la INAS. Amene zikukuvutani kuyamba, tipezeni ku wailesi, tidzakulozerani khomo loyenera.