Nthano zomwe zidasunga manda a miyala ku Ireland

M'minda ndi m'mabusa a dziko la Ireland muli manda amakedzana omangidwa ndi miyala ikuluikulu. Ena ndi miyala yoimikidwa ngati mafuwa, chimwala china chitavundikira pamwamba pake, pomwe ena ndi zitunda zokhala ndi mpita wolowera mkati. Ambiri adamangidwa ndi alimi zaka zoposa 4 000 zapitazo.

Mibadwo itapita, omanga adaiwalika ndipo nthano zidalowa m'malo. Miyala yoimikidwayo anthu ankaitcha mabedi a Diarmuid ndi Gráinne, mnyamata ndi mtsikana amene akuti ankagona malo atsopano usiku uliwonse pothawa Fionn mac Cumhaill, mkulu wankhondo yemwe adafuna kukwatira mtsikanayo. Zitunda ankati ndi nyumba za Aos Sí, mtundu wa mizimu yokhala pansi pa nthaka. Mlimi wogumula malo oterowo ankayembekezera tsoka, monga matenda kapena kufa kwa ng'ombe. Choncho alimi ambiri ankalima molambalala, miyalayo nkutsala.

Nthanozi zidasunganso nzeru. Chitunda cha Newgrange, pafupi ndi mtsinje wa Boyne, chidamangidwa cha m'ma 3200 BC. Katswiri wofukula zakale, Michael O'Kelly, atayamba ntchito pamalopo mu 1962, anthu am'deralo adamuuza kuti nthawi ina pachaka dzuwa limawala mkati mwa mandawo. Iye sadanyozere mawuwo. Mbandakucha wa pa 21 Disembala 1967, nyengo yomwe usana umafupikitsitsa ku Ireland, adadikira m'chipinda chamkati ndipo adaona kuwala kukudzera pa kazenera ka pamwamba pa khomo, nkutsata mpita wa mamita 19 mpaka pomwe adali. Mu 1993 bungwe la UNESCO lidaika derali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Alangizi akamalowa m'mudzi ndi mapulani a chitukuko, nkosavuta kutenga zonena za akuluakulu ngati zikhulupiriro chabe. Komatu m'madera ambiri a Malawi ndi Zambia, mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, kumene ulemu udaletsa nkhwangwa. Asanalowetse thirakitala kapena kulambula msewu, mlangizi wanzeru amayamba wafunsa chifukwa chimene malo ena sadalimidwepo chikhalire.