Kompyuta Yoloweza Mathero a Masewera

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. M'masewera a xadrez, amene Angerezi amati chess, munthu akhoza kukhala ndi zidole zamphamvu koma nkulephera kumaliza mnzake. Mdani wosautsa kwambiri pamathero otere ndi makina a kompyuta.

Nkhaniyi idatchuka ku Amereka chifukwa cha Ken Thompson wa ku Bell Labs. Iye adauza kompyuta kuti iwerengere chambuyo: iyambe pamene mfumu yatsekeredwa, kenaka ibwerere pang'onopang'ono kufikira italemba kaimidwe kalikonse ka zidole zochepa zotsala pabolodi, pamodzi ndi yankho lake. Mndandanda wotere amautcha tablebase. Masewera akafika pamenepo, kompyuta imaleka kuganiza nkumangowerenga yankho.

M'chaka cha 1978 katswiri Walter Browne adayesa mwayi wake. Iye adali ndi mfumu ndi mfumukazi, makinawo mfumu ndi nsanja. Mabuku onse ankati wa mfumukazi amapambana. Koma lamulo limati onse awiri akasuntha ka 50 popanda kudyana kapena kusuntha kamsilikali, ndiye kuti alepherana. Ulendo woyamba Browne adalephera kudya nsanjayo m'malire amenewo. Adakaphunzira kaye, ndipo ulendo wachiwiri adaidya posuntha ka 50 penipeni.

Mndandandawu udagwetsanso nzeru zakale. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri ankakhulupirira kuti mabishopu awiri sangagonjetse kavalo mmodzi woima bwino. Kompyuta idaonetsa kuti angathe, ngakhale nthawi zina pamafunika kusuntha ka 66. Bungwe la FIDE lidayamba laonjezera malire pamathero ena, koma mu 1992 lidabwerera ku lamulo la 50 lija.

Mu 2012 ku yunivesite ya Lomonosov ku Moscow adamaliza mndandanda wa zidole 7. M'menemo muli kaimidwe kena kofuna kusuntha koposa ka 500 mfumu isanatsekeredwe. Ngakhale akatswiri akaona njirayo samvetsa chifukwa chake chidole chapita uku osati uko.

Choncho makompyuta awiri akamasewera, oweruza ena amangotseka masewera zidole zikachepa, popeza wopambana wadziwika kale. Koma munthu saloledwa kutenga mndandandawo pampikisano. Iye amamaliza ndi mutu wake, wotchi ikuyenda, ndipo mdani wake akhozabe kupulumuka.