Asisi athu, ntchito ya ku Alabuga ndi yopanga ndege za nkhondo

Achinyamata anzathu, makamaka inu asisi, werengani uthengawu mpaka kumapeto musanautumize kwa ena.

Pa TikTok, Facebook ndi Telegram pakhala pakuyenda malonda a pulogalamu yotchedwa Alabuga Start. Akufuna atsikana a zaka 18 mpaka 22. Tikiti ya ndege yaulere, malo ogona, maphunziro a chinenero cha ku Russia, malipiro mwezi ndi mwezi. Kwa munthu amene wakhala zaka zitatu satifiketi ya MSCE ili m'sutikesi, zimenezi zimamveka ngati mwayi wogwa kumwamba. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Alabuga ndi dera la mafakitale m'chigawo cha Tatarstan, pafupifupi makilomita 1,000 kum'mawa kwa Moscow. Russia italowa ndi nkhondo mu Ukraine pa 24 February 2022, inayamba kugula ndege zopanda woyendetsa, zija timati ma drone, kuchokera ku Iran. Dzina lake ndi Shahed-136, koma ku Russia amazitcha Geran-2. Sizojambulira ukwati izi. Zimanyamula bomba, zimauluka mtunda wautali n'kukadziphulitsa pa nyumba, pa malo opangira magetsi, pa anthu. Tsopano Russia imazipanga yokha, ndipo fakitale yake yaikulu ili ku Alabuga komweko.

N'chifukwa chiyani akufuna ife? Amuna ambiri kumeneko ali kunkhondo, ena anathawa m'dzikomo, ndiye mafakitale akusowa manja. Akusaka antchito otchipa, ochokera kutali, osadziwa chinenero, opanda wachibale woti n'kuthawirako.

Mu October 2024, atolankhani a Associated Press anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti atsikana pafupifupi 200 aku Africa anali kale kumeneko, ochokera ku Uganda, Rwanda, Kenya, South Sudan, Sierra Leone ndi Nigeria. Ena anauzidwa kuti akaphunzira za mahotela ndi zophikaphika. Atafika anapezeka akulumikiza zipangizo za ndegezi ndi kuzipaka mankhwala oyabwa amene ankawawononga khungu. Ntchito ya maola mpaka 12, maso a alonda ali pa iwo. Poyamba malonda ankanena za madola 700 pamwezi, kenako anatsika n'kumati kupitirira 500. Pa ndalama yomweyo ankadulapo za malo ogona, za chipatala, za maphunziro, ngakhale za tikiti ija ankati ndi yaulere.

Ndiye pali ichi chimene malondawo satchula. Pa nthawi ya nkhondo, fakitale yopanga zida imakhala chandamale. Mu April 2024 ma drone a Ukraine anaphulika ku Alabuga, anagunda nyumba yogona, ndipo anthu osachepera 12 anavulala. Bomba silifunsa pasipoti.

Ena akuti, "Ntchito ndi ntchito basi, bola ndalama." Tikumva. Njala ndi yeniyeni, lendi sadikira. Komanso akazi kugwira ntchito m'mafakitale a ndege za nkhondo si zachilendo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, azimayi zikwizikwi ankakhoma ndege za B-24 pa fakitale ya Ford ku Willow Run, ku Michigan. Koma iwo ankadziwa chimene akupanga, nkhondoyo inali ya dziko lawo, ndipo wofuna kusiya ankatha kusiya. Mtsikana wa ku Kampala amene wauzidwa za hotela, n'kupezeka akumata phiko la ndege yokaphulitsa ku Kyiv, sanasankhe zimenezo. Wapusitsidwa. Kulemba munthu ntchito mwachinyengo n'cholinga chomudyera masuku pamutu ndi mlandu, ndipo kwathu kuno lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 likunena zomwezo.

Kafukufuku uja atatuluka, Google, Meta ndi TikTok anatseka ma akaunti ena a pulogalamuyi, koma malonda sanathe. Mu August 2025 anthu otchuka pa intaneti ku South Africa anayamba kuitsatsa, mpaka boma lakumeneko linachenjeza atsikana poyera. Kanema wojambulidwa ku Johannesburg amafika ku Ndirande ndi ku Area 25 tsiku lomwelo. Zimene anakumana nazo asisi athu ku Oman sitinaiwale. Nazonso zinayamba ndi uthenga wokoma pafoni.

Tikupempha Unduna wa Zantchito ndi Unduna woona za ubale ndi mayiko ena kuti alankhule poyera za pulogalamuyi, m'Chichewa, pawailesi, ndipo akhazikitse nambala yoti makolo ndi atsikana aziimbako. Inu otchuka pa intaneti, musanalandire ndalama yotsatsira ntchito zakunja, fufuzani kaye. Otsatira anu si katundu.

Inu asisi, wina akakuuzani za ntchito yakunja, funsani dzina la kampani, chimene imapanga, ndalama yotsala akadula zonse, ndiponso amene adzalipire tikiti mukafuna kubwerera. Kontrakiti muione musanapereke pasipoti. Akayamba kuzungulira, dziwani kuti pali chobisika.

Ndipo amene anapita kale tisawanyoze. Anapita kukasaka moyo ngati wina aliyense. Wolakwa ndi amene ananama.

Tumizani uthengawu ku gulu la kusukulu, la kumpingo ndi la pabanja.