Jakisoni wa mutu waching'alang'ala asakhale wa aliyense

Kwa Kachere kapena kwa Kaphuka, m'boma la Dedza, munthu amene mutu waching'alang'ala wamukakamira amayamba ndi Panado wa pagolosale. Zikakanika, ena amakatemetsa mphini. Koma wa ku Dedza amene ali ndi m'bale ku Johannesburg sachedwa kumva za njira ina: jakisoni wa Botox.

Mankhwalawa ndi enieni. Amachokera ku poizoni wa kachilombo ka Clostridium botulinum, ndipo bungwe la FDA ku America linawavomereza mu 2010 kwa odwala mutu masiku 15 kapena kuposa pamwezi. Dokotala amabaya mayunitsi 155 m'malo 31 a pachipumi, m'mbali mwa mutu, kunkhongo, m'khosi ndi m'mapewa, n'kubwerezanso pakatha masabata 12.

Vuto limaonekera pankhope. Botox amafooketsa mnofu uliwonse umene waufika. Singano ikalowa m'munsi kwambiri pachipumi, nsidze zimagwa. Mankhwala akasefukira ku mnofu wotukula chikope, diso limatsinzina theka kwa masabata angapo. Akafooketsa pakati pokha, nsidze zimakwera m'mbali, munthu n'kumaoneka wodabwa tsiku lonse.

Kupewa kwake n'kodziwika. Wobaya amayamba wauza wodwala kuti akwinye nkhope ndi kukweza nsidze, kuti aone mmene minofu yake yakhalira, pakuti nkhope sizifanana. Amabaya kumtunda kwa chipumi, kutali ndi diso, ndipo wodwala amalangizidwa kuti asatikite malowo tsikulo. Zonsezi zimafuna munthu wophunzira bwino minofu ya nkhope.

Apa m'pamene a Medical Council of Malawi ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ayenera kudzuka msanga. Botox yemweyu ndi amene amachotsa makwinya, choncho amakopa ochita malonda a zodzikongoletsa. Mu 2024 bungwe la CDC linachenjeza za anthu a ku America amene anagonekedwa m'chipatala atabayidwa Botox wachinyengo kapena ndi anthu osaphunzira ntchitoyi. Boma la m'malire ngati Dedza, kumene katundu amadutsa tsiku ndi tsiku, lisadikire kuti zotere zichitike kaye.

Wodwala ayambire pa chipatala cha boma cha Dedza, kumene angafunse za mankhwala otchipa oteteza mutuwu monga amitriptyline ndi propranolol. Mabungwe awiri a ku Malawi aja alengeze poyera amene ali ndi chilolezo chobaya Botox, ndiponso chilango cha wobaya popanda chilolezo.